Ovolosi ya a Mzukwa

Anthu ankawatchula a Mzukwa akadali moyo, ndipo iwo ankavomera. Zaka makumi awiri ndi zinayi ankaweruka ku yadi yocheka miyala ali mbuu: tsitsi loyera, nsidze zoyera, m'makutu moyera, kungotsala maso awiri ofiira ngati a munthu wochokera kumaliro. Anthu mumsewu ankaseka. Iwonso ankaseka nawo, mpaka kusekako kukathera m'chifuwa, iwo n'kugwira khoma. Atamwalira, dzinalo linatsalira mkazi wawo. Mai Mzukwa. Anthu alibe manyazi.

Zinayamba patatha milungu itatu chiikireni maliro. Sizinkadikira mdima ngati mmene amanenera amantha aja. Zinkabwera dzuwa lili pamutu, msewu uli ndi anthu, iye akukwera kamtunda kochokera kumsika, jumbo ili m'manja. Akangodutsa pa shopu ya mafoni ankamva munthu akupuma kumbuyo kwake. Fwiii. Kenako kaphokoso kouma ngati pepala likamakwinyidwa. Fwiii. Kupuma kumeneko ankakudziwa kuposa dzina lake lomwe. Anagona nako bedi limodzi zaka zisanu.

Chaka chawo chomaliza, amuna ake ankakwera mtunda umenewu mopumira katatu: pa polo ya magetsi, pakhonde la telala, ndi pa geti la nyumba yawo, dzanja lili pachitsulo, akuyang'ana chitseko ngati chili kutsidya la mtsinje. Tsopano naye miyendo inkangoima yokha pamalo atatu omwewo. Ankati ndi iwowo akumukoka chovala.

Ndipo anali ochenjera, akufawo. Iye akaima n'kugwira mpweya kuti amvetsere bwino, iwo zii. Akangoponya phazi, ayambanso.

"Mukufuna chiyani?" anafunsa tsiku lina pa polo paja, osatembenuka. "Ndinakusambitsani. Ndinakutembenuzani. Makhololo anu ndinkataya ndine. Mkaka simunauphonye ngakhale tsiku limodzi, kapu yodzaza, ine ndikumwa tiyi wakuda. Ndiye mwaiwala chiyani kwa ine?"

Fwiii.

"Mai Mzukwa, mwayamba kukangana ndi polo?" Anali telala, tepi ili m'khosi, akusuzumira pakhonde pake.

"Polo imamva kuposa inu. Siketi yanga ija uno ndi mwezi wachitatu."

"Bwerani mukhale pansi, mayi, milomo yatuwa. Benchi ndi lomwe lija ankakhalapo bambo."

"Ndili nawo maso."

Koma anakhala. Thabwalo linali losalala penipeni pamene iwo ankakhala, ndipo ankaona ngati n'lofunda.

Chimene a Mzukwa ankafuna anachidziwa Lolemba lotsatira, kapena ankayesa wachidziwa. Geti linalira dzuwa litapendeka, iye n'kusuzumira pawindo, mbale n'kumupulumuka m'manja. Pageti panaima mwamuna woyera mbuu, maso ofiira, phewa lakumanzere lotsika, atavala ovolosi yabuluu yachigamba pabondo. Chigambacho anasoka ndi iye mwini.

Anali mwana wake wachisamba, bambo wa zaka makumi atatu, yemwe anamuchotsa ntchito ku mabasi chaka chatha. Ankakhala m'chipinda chakuseri ndi mkazi wake, yemwe anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi.

"Vula."

"Amayi, ndiyambe ndalowa."

"Vula ovolosi ya abambo ako. Waitenga kuti?"

"M'sutikesi mwanu. A Kapitawo anandiitanitsa. Akuti abambo anagwira ntchito zaka zambiri, sangagone opanda mwala pamanda. Andipatsa mwala wakuda, wabwino, akuti ndiucheke ndekha, dzina ndilembe ndekha. Ndikatha, makina a abambo ndi anga."

"Nsomba nayo ikaona nyambo imati yalandira mphatso."

"Nanga tidya chiyani? Mwana akubwerayu adzayamwa mphepo?"

"Abambo ako anafa akupempha mphepo yomweyo, osaipeza."

"Abambo inali TB, amayi. A Kapitawo ali pomwe paja zaka makumi atatu, koma taonani mimba."

"A Kapitawo amakhala mu ofesi, chitseko chotseka."

Mwanayo anaseka, fumbi n'kuyoyoka m'ndevu. "Mkaka ulipo?"

Ku yadi aliyense ankalidziwa lamulo limeneli: ukaweruka, kapu ya mkaka, kuti utsuke fumbi m'chifuwa. Choyera chimachotsa choyera chinzake. Mai Mzukwa anatukwana, koma anathira, mpaka kapu kusefukira. Ngati sangamuletse, bola amutsuke.

Lamulo lachiwiri linali la akazi. Ovolosi ya ku miyala suiviika m'madzi ikadali ndi fumbi. Limasanduka matope ngati simenti, limaumitsa nsalu, limatseka ngalande, sopo n'kuthera chabe. Umayamba waikuntha. Kuseri kwa nyumba kunali kampata pakati pa khoma ndi mpanda, kopanikiza moti sungatambasule manja, kosadutsa mphepo. Ankakunthira mmenemo kuti fumbi lisakadetse zochapa za aneba. Waya unali ukadalipo, ndodo ya tsache lakale ikadali pakona. Mpongozi wake anamuphunzitsa ndi iye mwini.

"Imani chonchi, apongozi. Menyani m'matumba, ndi mmene limabisala. Mukaona kuti mpanda sukuonekanso, ndiye kuti mukumenya bwino."

Mpongoziyo anamenya, anayetsemula, anaseka, n'kutuluka nsidze zili mbuu.

Milungu inayi zinayenda choncho. Phi, phi, phi, madzulo aliwonse. Ndipo kupuma kuja kunasiya kudikira pamtunda, kunalowa m'nyumba. Akawerama kuti asese, kulipo. Akanyamula ndowa, kulipo, pafupi ndi khutu penipeni. "Ndamva," ankatero iye. "Simukufuna mwana apite kuja. Kamuuzeni nokha. Ine sandimva, anatengera inu."

Tsiku la sikelo anaperekeza mpongozi wake kuchipatala. Chipinda cha amayi apakati chinali pamwamba. Wapakati uja anakwera masitepe onse n'kukadikira. Mai Mzukwa anaima pakatikati, atagwira chitsulo ndi manja awiri. Namwino wina amene ankatsika ndi mafayilo anamudutsa, kenako anabwerera.

"Mayi, kupuma kumeneku kunayamba liti?"

Mai Mzukwa anamugwira mkono. "Mwawamva? Nanunso mwawamva?"

"Ndani?"

"Amuna anga."

Namwinoyo anayang'ana masitepe opanda munthu kumbuyo kwake, n'kuyang'ananso iye. "Tiyeni kuno."

Anamujambula chifuwa. Anamulavulitsa m'kabotolo. Anamupana chala ndi kachipangizo kowala. Patatha masiku atatu anabwerera yekha, ndipo dokotala, mayi wochepa thupi wa magalasi, anapachika chithunzi pabokosi lowala. Nthiti zinaoneka bwinobwino. Pakati pa nthitizo, chakumtunda, panali timadontho toyera tambirimbiri, ngati wina wawaza mchere pansalu yakuda.

Chithunzi chimenecho anachidziwa. China chonga icho chinali m'sutikesi kunyumba.

"Mwasokoneza mafayilo. Ichi n'cha amuna anga."

"N'chanu, mayi. TB mulibe. Munagwirapo ntchito kumgodi? Kophwanya miyala?"

"Sindinapondeko. Amuna anga ndiwo ankacheka miyala."

"Zovala zawo ankachapa ndani?"

"Mukuyesa anali ndi akazi angati?"

"Munkaziviika kaye?"

"Ndine chitsiru ine? Umayamba wakuntha."

Dokotalayo anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Munaonapo mapapo a mbuzi?"

"Ofewa. Ngati siponji."

"Athu ndi choncho. Mkati mwake muli timatumba tating'onoting'ono, tosaoneka ndi maso. Mpweya ukafika mmenemo, magazi amabwera kudzautenga n'kupita nawo thupi lonse. Fumbi lalikulu mumalitsokomola, limatuluka. Koma mwala wochekedwa umatulutsa lina losalala kwambiri, lofika mpaka m'timatumbamo. Silisungunuka. Thupi limalimbana nalo n'kusiya chipsera. Chipsera pa chipsera, siponji ija imauma ngati chikopa. Mumakoka mpweya, koma magazi amabwerera chimanjamanja."

"Mkaka," anatero Mai Mzukwa. "Ankamwa mkaka tsiku lililonse. Mwana wanganso akumwa."

"Pakhosi pali njira ziwiri, mayi, ya chakudya ndi ya mpweya. Mkaka umapita m'mimba. Ukalowa njira inayo munthu amatsamwa. Kumapapo sunafikeko ngakhale dontho."

Zaka makumi awiri ndi zinayi za tiyi wakuda. Ankatsuka m'mimba mwa munthu, mwala ukumera m'chifuwa.

"Mankhwala?"

"Ochepetsa kubanika ndikupatsani. Ochotsa mwala kulibe. Chotheka n'kusawonjezera. Fumbi likanyowa siliuluka. Madzi pocheka, madzi pochapa, ndi chophimba kumphuno chenicheni, osati kansalu. Mwati mwana wanu ali komweko? Zovala zake akukuntha ndani?"

Mai Mzukwa anatenga chithunzi chake n'kutuluka.

Pakhonde la chipatala anaima n'kugwira mpweya. Zii. Anausiya. Fwiii. Anagwiranso. Zii. Anachita choncho kasanu, anthu pabenchi akumuyang'ana. Ndiye kuti a Mzukwa sankamutsata kumbuyo. Anali mkati. Anawakuntha pa waya madzulo aliwonse n'kumawapumira, pang'onopang'ono, mpaka anadzaza nawo. Amene anakwiriridwa ndi theka chabe. Theka linalo ankayenda nalo iye.

Mtunda uja sunamuchitire chifundo. Pa polo anaima. Kwa telala anaima, telala n'kutsegula pakamwa, n'kutsekanso ataona nkhope yake. Ali pageti, dzanja pachitsulo, anamva kuseri kwa nyumba: phi, phi, phi. Linali Loweruka, mwana anali ataweruka masana. Anafuna kuthamanga. Chifuwa chinakana. Anaima pomwepo akuwerenga ndodozo mpaka khumi ndi ziwiri.

"Iwe! Siya!"

Chikwatiwire, mpongoziyo anali asanatchulidwepo iwe m'nyumba imeneyo. Anatuluka mu mtambo woyera, mimba patsogolo, ndodo m'manja. Mai Mzukwa analanda ndodoyo n'kuiponya kuseri kwa mpanda. Anakoka ovolosi pa waya n'kuimiza m'beseni, n'kuipondereza ndi phazi ngati akupha chinthu.

"Amayi, ngalande itseka."

"Itseke. Bola itseke ngalande. Kasambeni, apongozi, mutsuke ndi m'mphuno momwe. Ndinakuphunzitsani zopusa. Ndine ndinakuphunzitsani."

Mwana wake anamvetsera zonse atakhala pampando wa abambo ake, kapu ya mkaka ili m'manja. Chithunzi anachiyang'ana chozondoka.

"Madokotala amaopseza, amayi."

"Ku yadi kuli madzi?"

"Mpopi ulipo. Payipinso ilipo, anagula kale kutabwera oyendera a boma. Makinawo ali ndi polowetsera pake. Koma palibe amagwiritsa ntchito."

"Chifukwa?"

"Madzi amafufuta choko. Mzere ukafufutika, wacheka mokhota, mwala waonongeka. Pansi pamaterera, ntchito imachedwa. A Kapitawo sangalole."

"Chophimba kumphuno?"

"Chimatentha. Wina anavalapo, mpaka lero amamutcha Namwino."

"Abambo ako ankawatcha Mzukwa. Dzina labwino ndi liti?"

Mwanayo anamwa mkaka wake mpaka kutha, n'kukalowa kuchipinda kwake.

Lolemba m'mawa Mai Mzukwa anamulola kuti atsogole. Kenako anavala nsapato zake zakumaliro, anatenga chithunzi ndi ndowa yopanda kanthu, n'kupita kumene anali asanapondeko.

Yadiyo inali shedi yamalata yotseguka mbali imodzi. Phokoso la makina linkalowa m'mano. Zonse zinali zoyera: mitanda, mawaya, kalendala, ngakhale ukonde wa akangaude. M'mbali munatsamira miyala yosalala, ina ya m'makhitchini a anthu olemera, ina yolembedwa kale mayina a akufa. Pakati pa utsi woumawo pankayenda amuna asanu ndi mmodzi, onse nkhope imodzi, onse a Mzukwa. Wake anamuzindikira ndi chigamba. Anali atawerama pamwala wakuda wojambulidwa mizere ya choko.

Anavundikira ndowa pafupi ndi makina ake, pamene fumbi linkatulukira, n'kukhalapo.

Makina anazima amodziamodzi. Chitseko cha ofesi chinatseguka, a Kapitawo n'kutuluka, malaya oyera a kusita, osati a fumbi.

"Mayi, pepani ndi maliro aja. Koma kuno si kwa azimayi."

"Kunoko kwakhala kukubwera kwathu zaka makumi awiri ndi zinayi, m'matumba a ovolosi. Lero ndabwera kudzabweza ulendo."

Anakweza chithunzi chija moyang'anitsa kumene kunkalowera dzuwa. Timadontho tija tinawala.

"Ichi si cha a Mzukwa. N'changa. Ine amene sindinagwirepo makina. Inu mukumwa mkaka, mkaka ukupita kuchimbudzi, mwala ukutsala. Akazi anu amakunthira kuti? Ana amakhala ali kuti akamakuntha?"

Mkulu wina wa pamakina akumapeto anayesa kumeza chifuwa, koma chinamupitirira, n'kutsokomola mpaka kugwira mwala.

"Ntchito!" anakuwa a Kapitawo. "Iwe, tulutsa mayi ako."

"Andinyamule," anatero Mai Mzukwa. "Mawa ndibweranso. Mkuja ndibweranso. Iwe cheka, mwana wanga. Fumbi lako tizigawana. Kwanga malo atsala ochepa, tione ngati likwane."

"Amayi, chonde. Mukundichititsa manyazi."

"Manyazi satseka chifuwa. Cheka."

Mwanayo ankayesa kuti mayi ake athawa. Anayatsa makina, n'kutsitsa tsamba pamwala. Fumbi linatuluka ngati utsi wa basi n'kumuphimba mayiyo nkhope yonse. Iye sanatembenuke. Sanaike dzanja pamphuno. Anatsegula pakamwa n'kukoka, maso ali pa mwana wake. Tsitsi linayera. Nsidze zinayera. Kenako chifuwa chinamugwira, n'kumupinda pakati.

Mwanayo anazimitsa.

Chifuwa chitadutsa, m'shedi monse munali zii, ndipo onse anamva. Fwiii. Kapepala kaja kokwinyika. Fwiii. Mwanayo anali atakumva kupuma kumeneko kudzera pakhoma la chipinda chake zaka zisanu, mpaka m'mawa umene kunasiya. Anayang'ana kumbuyo kwake, monga ankachitira mayi ake pamtunda paja. Kunalibe munthu. Panali mayi woyera mbuu, wa maso ofiira, atakhala pandowa.

Anawerama n'kutola msomali pansi. Anaika lula pamzere wa choko n'kukanda mwalawo, kawiri, katatu, mpaka mzerewo unalowa m'mwala. Anapita kuseri kwa miyala yotsamira n'kukokako payipi, youma ngati njoka yakufa. Mpopi nawo unayamba watsokomola usanatulutse madzi. Choko chinafufutika. Mzere wa msomali unatsala.

Atayatsanso, fumbi silinauluke. Pansi pa mwala panayenderera madzi oyera, okhuthala, n'kuzungulira nsapato za mayi ake.

"Mkaka wake ndi umenewo," anatero Mai Mzukwa.

"Namwino wachiwiri!" wina anakuwa, koma anaseka yekha.

"Ukachedwetsa ntchito, pageti pali anthu ambiri," anatero a Kapitawo, n'kulowa mu ofesi, n'kutseka chitseko.

Enawo anayatsa makina awo n'kupitiriza kucheka pouma. Mkulu wachifuwa uja anaiyang'ana payipiyo nthawi yaitali, kenako nayenso anayatsa ake. Fumbi lawo linkayandamabe m'shedimo, losasankha mphuno. Mai Mzukwa analiona. Anasuntha ndowa yake n'kukakhala pakhomo, ndipo sanachoke mpaka nthawi yoweruka. Mawa abwera ndi chophimba chija, ndipo mwana wakeyo amuveka iye mwini ngati n'kofunika, pamaso pa amuna onsewo.

Anakwera mtunda limodzi. Mwanayo anali wonyowa mpaka m'mawondo, wamatope, wonyansa, koma nkhope yake inali ya munthu. Pa polo ya magetsi mayi anaima. Iyenso anaima, osafunsa.

"Sendera kuno."

"Bwanji, amayi?"

"Khala chete."

Mai Mzukwa anagwira mpweya. A Mzukwa anakhala chete. Mayiyo anaika khutu pachifuwa pa mwana wake, pafupi ndi thumba la ovolosi, n'kumvetsera. Mpweya unkalowa, unkatuluka, wofewa, wopanda mluzu, wopanda pepala. Milungu inayi ya fumbi inali mmenemo kale, ndipo palibe akanaichotsa. Koma lero munali phee. Anagwirabe mpweya wake, kuti amve nthawi yaitali, mpaka polo inayamba kuoneka ziwiri ndipo m'maso munada.

Kenako anausiya, ndipo iwo anabwerera. Fwiii.

Mwanayo anamulanda ndowa.

"Tiyeni," anatero Mai Mzukwa, ndipo sankauza mwana yekhayo. "Kwatsala kuima kawiri."